Nsonga ya Muvi pa Chigwa cha Mikondo

MUTU 6

1. Geti la kumapiri

Basi ya kampani inanyamuka ku Jebel Ali kunja kukuyamba kuyera. Inadutsa nyumba zosungiramo katundu, inadutsa malole amene anandanda kudikira kulowa padoko, kenako inagwira msewu wa m'chipululu wopita ku Hatta. Ambiri m'basimo ankasinza, mitu atatsamiritsa pamawindo. Chiyamiko yekha ndiye anali maso.

Chiyamiko anali mnyamata wa ku Ntcheu. Atamaliza Fomu 4 sanapeze malo ku koleji, choncho anabwera ku Dubai kudzagwira ntchito ya ulonda. Chaka chake choyamba anathera pageti la nyumba yosungiramo matayala, akuyang'ana khoma la malata kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nyengo yozizira itayamba, kampani inamutumiza kumapiri kukalonda msasa wa akatswiri ofukula zinthu zakale.

Mapiri atayamba kuoneka patsogolo, iye anapukuta windo ndi dzanja. Anali mapiri a miyala yokhayokha, ofiirira, opanda msuku ngakhale umodzi. Komabe anali mapiri.

"Wayambanso kuyang'ana kwanu," anatero a Potiphar, mlonda wachikulire wa ku Thyolo amene ankakhala naye mpando umodzi.

"Kwathu pano n'kobiriwira, bambo. Chimanga chikumasula."

"Kuno chimene chimamasula ndi fumbi," anayankha a Potiphar akuseka. "Komatu dzulo yagwa. Taona mmene madzi akumbira m'mbali mwa msewu."

Inalidi itagwa mvula yamphamvu, ya mtundu umene kumapiriko umabwera mwa apo ndi apo n'kusiya ngalande paliponse.

Pamsasa aliyense anali ndi malo ake. A Potiphar ankalonda tenti yosungiramo zida, m'kati mwa mpanda. Chiyamiko ankakhala m'kanyumba ka pageti. Lamulo la kampani linali lomveka bwino: mlonda wa pageti sachoka pageti mpaka wina atamulandira.

2. Dzina la pamapu ndi dzina la pakamwa

Mkulu wa akatswiri aja anali Dokotala Shamma, mayi wa m'dziko lomwelo amene ankaphunzitsa ku yunivesite. M'mawa umenewo galimoto yake inaima pageti nthawi yaitali kudikira ophunzira ake awiri amene anachedwa. Anatsitsa windo n'kumupatsa Chiyamiko tiyi wamkaka m'kakapu kapepala.

"Shukran, Dokotala," anathokoza Chiyamiko. Kenako analimba mtima n'kufunsa m'Chingerezi funso limene linkamuvuta kwa milungu ingapo. "Kodi munadziwa bwanji kuti muzikumba m'chigwa chino, osati chinacho?"

Mayiyo anazimitsa injini.

"Pali buku lina lakale kwambiri," anatero, "limene limanena za nkhondo imene inachitika m'mapiri ano zaka zoposa chikwi zapitazo. Gulu lina linkachokera kunyanja, lina linkatchinga njira. Wolemba bukulo sanatchule malo. Anangoti anakumana pampata wopapatiza, pafupi ndi madzi. Mipata yotero ilipo yambirimbiri kuno."

"Ndiye munangosankha?"

"Ayi. Ndinatsata dzina. Pamapu atsopano chigwa chino analemba kuti Riyah, kutanthauza mphepo. Koma nditakhala pansi ndi nkhalamba za m'mudzi uwo, zimene zinakula zikuweta mbuzi kuno, zonse zinkati Rimah. Rimah ndi mikondo. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi. Mwina wojambula mapu anamva molakwa, kapena anaganiza kuti nkhalamba ndi zimene zikulakwitsa."

"Chigwa cha Mikondo," anatero Chiyamiko pang'onopang'ono. "Ndiye kuti nkhondoyo inali pompano."

"Usafulumire. Dzina limangoloza chala, silichitira umboni. Mwina ankanena mitengo yowongoka ngati mikondo. Mwina panali munthu wosula mikondo. Nthaka iyenera kuvomereza, ndipo mpaka lero yangotipatsa mapale, mafupa a mbuzi ndi zitini za abusa. Pansi ponse m'chigwamu tayendamo ndi makina ofufuzira zitsulo. M'zitunda zam'mbalizi tinakonza zodzayendamo chaka chamawa, inshallah, ngati adzatilole kubweranso. Mlungu uno ndi womaliza."

Ophunzira aja anafika akuthamanga. "Yalla, tiyeni," anatero Dokotala, ndipo galimoto inalowera kumapeto kwa chigwa.

Chiyamiko anatsala ataima, tiyi akuzirala m'manja.

Bambo ake, a Enos, anali mphunzitsi wa pulayimale. Iwonso anali munthu wa mayina. Loweruka lililonse ankamutenga Chiyamiko ali wamng'ono n'kumayenda naye kuseri kwa mudzi wawo, akumuuza kuti phiri ili ndi Bisalani, khwawa ili ndi Ndatopa, kamtsinje aka ndi Tayamikondo. Ankakhulupirira kuti pakamtsinjepo ndi pamene nkhondo ina ya makolo inathera. Anakumbapo m'mphepete mwake kangapo, koma chimene anapeza chinali khasu lothyoka la mnansi wawo.

"Tsiku lina tidzachipeza," ankatero akupukuta thukuta. "Ngakhale kachitsulo kamodzi kokha."

Patangopita miyezi yochepa Chiyamiko atafika ku Dubai, a Enos anagwa pakhomo. Mbali imodzi ya thupi inafa, lilime linalemera. Masiku ambiri ankangokhala pakhonde osalankhula.

3. Uthenga wa Lindiwe

Dzuwa litakwera pang'ono, foni ya Chiyamiko inanjenjemera. Pageti paja netiweki inkabwera ngati mlendo, n'kuchoka osatsanzika. Uthenga unali wochokera kwa mlongo wake, Lindiwe.

"Achimwene, ababa lero adzuka bwino. Akutchula anthu mayina. Akufunsa inu. Imbani pompano, masana amafookanso."

Anayesa kuimba. Foni inakana. Anakwera pamwala wa pafupi ndi geti, anakweza dzanja m'mwamba, koma inakanabe. Aliyense pamsasapo ankadziwa kuti netiweki yeniyeni ili pamwamba pa chitunda cha kuseri kwa mpanda.

Anaitana a Potiphar pa wailesi yam'manja, ndipo iwo anabwera n'kuima chapakati, pamene akanatha kuona tenti yawo.

"Bambo, ndilondereniko geti pang'ono. Ndingokwera apo ndilankhule ndi ababa."

A Potiphar anapukusa mutu.

"Mwana wanga, ndakumva, ndipo mtima wanga uli nawe. Koma ine sindingasiye tenti ili ndi makina a eni. Munthu mmodzi sangalonde malo awiri. Kuno si kwathu kumene ungapepese n'kukhululukidwa chifukwa mkulu wa ntchito amadziwa amalume ako. Kuno amayang'ana kuti unali pamalo kapena sunalipo, basi. Ndaona anyamata abwino, osaba, osamwa, akubwezedwa kwawo chifukwa chongosuntha pang'ono. Dikira Kingston, dalaivala uja, abwere ndi chakudya. Nthawi yopuma akutengera kumsewu waukulu, ukaimbe mwaufulu."

"Nthawi imeneyo ababa adzakhala atagona. Kuyambira Khirisimasi sananditchulepo dzina."

A Potiphar anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndanena zanga," anatero, n'kubwerera kutenti.

Chiyamiko anakhoma geti ndi loko, anaika kiyi m'thumba, n'kuyamba kukwera.

4. Pamwamba pa chitunda

Miyala inali yoterera chifukwa cha mvula ija. Anafika pamwamba akupuma mwawefuwefu, pafupi ndi kamtengo kaminga kamene kanamera kokhakokha. Foni inagwira nthawi yomweyo.

Choyamba kuoneka chinali denga la malata la kwawo, kenako mtengo wa mapeyala, kenako nkhope ya Lindiwe. Kumbuyo kwake nkhuku zinkalira.

"Dikirani ndiwapatse," anatero Lindiwe.

A Enos anali atawonda. Mbali imodzi ya pakamwa pawo inali yogwa. Anayang'anitsitsa pagalasi la foni ngati munthu wosuzumira m'chitsime.

"Chi... yamiko."

"Ndine, ababa. Mwadzuka bwanji?"

"Wabwera?"

"Ayi, ababa. Ndikadali kuntchito. Ndidzabwera."

Anatembenuza foni kuti awaonetse mapiri, chigwa chonse, matenti oyera pansi, ndi mpata wopapatiza kumapeto kwake. A Enos anayang'anitsitsa. Kenako anafunsa funso limene ankafunsa paliponse pamene afika.

"Dzina... lake?"

"Pamapu amati Chigwa cha Mphepo, ababa. Koma akuluakulu a kuno amati Chigwa cha Mikondo. Kuli anthu ophunzira amene akufufuza pamene panachitikira nkhondo yakalekale. Atsata dzina, ngati mmene munkachitira inu."

Diso limodzi la a Enos linawala. Phewa lawo linagwedera, ndipo Lindiwe anafuula kuti, "Akuseka! Achimwene, ababa akuseka!"

"Mwa... chipeza?"

"Ayi, ababa. Sanapeze kanthu."

"Kachitsulo," anatero a Enos, akukweza chala cha dzanja lamoyo lija. "Kamodzi..."

Chithunzi chinaima. Mawu anaduka. Chiyamiko anaimbanso kawiri, koma ulendo uno vuto linali la ku Ntcheu.

Anakhala pansi pamwala, mutu atawerama. Madzi a dzulo anali atakumba kangalande kodutsa pakati pa mapazi ake, n'kukokolola dothi la pamwamba. M'mbali mwa kangalandeko munatulukira kanthu kakuda, kotalika ngati chala, kosongoka mbali imodzi ngati tsamba la nsungwi. Mbali inayo inali ikadali m'dothi.

Anagwada. Sunali mwala. Chinali chitsulo chodyedwa ndi dzimbiri, ndipo ngakhale mwana wa Sitandade 5 akanadziwa kuti ndi nsonga ya muvi.

Dzanja lake linatambasuka lokha mpaka mthunzi wa zala unaphimba chitsulocho. Pansi pa chitunda hutala ya galimoto inalira, n'kuliranso. Chiyamiko anabweza dzanja. Anajambula chithunzi, anasanja miyala ingapo pambali kuti asadzasokere malo, n'kutsika akuthamanga.

5. Mawu a Kingston, mawu a a Potiphar

Amene ankaliza hutala anali Kingston, dalaivala wa kampani amene ankabweretsa chakudya ndi madzi. Anali wa ku Balaka, ndipo ku Jebel Ali ankagona chipinda chimodzi ndi Chiyamiko. Ndiye amene anamulandira tsiku loyamba, n'kumubwereka bulangete.

"Aise, ndikanakhala supavaiza bwenzi pano ukulongedza," anatero Kingston. "Unali kuti?"

Chiyamiko anatsegula geti, kenako anamuonetsa chithunzi n'kumufotokozera zonse: foni ija, mawu a bambo ake, kamtengo kaminga, miyala imene anasanja. A Potiphar anabwera kudzatenga chakudya chawo n'kuima akumvetsera.

Kingston anaimba kamluzu.

"Ndiye wachisiya? Iwe, Mulungu wakuikira m'manja! Bambo ako angopempha kumene kachitsulo, iwe n'kukapeza pamapazi pako, n'kukasiya? Ine Lamlungu ndikukwera ndege, tchuthi changa chakwana. Popita ku Balaka ndimadutsa pa Ntcheu pomwe. Ndikatsika, ndikawapatsa m'manja madalawo, ndikujambulira vidiyo. Amayi ofukula zakale awa ali ndi nyumba zodzaza ndi zinthu zotere. Kamodzi aka sangakadziwe n'komwe."

Chiyamiko anayang'ana chitunda chija.

A Potiphar anaika mbale yawo pansi.

"Kingston wamaliza? Tsopano undimvere ine, Chiyamiko. Ndisanabwere kuno ndinalonda hotela ina ku Al Garhoud, pafupi ndi bwalo la ndege. Tsiku lililonse ndinkaona anthu akupita kwawo, masutikesi ali tho. Ndinaonanso ena akubwerera asanakwere ndege, chifukwa makina a pabwalo paja amaona mpaka m'kati mwa sokosi. Dziko lino lili ndi malamulo ake pa zinthu zakale. Chopezeka m'nthaka si cha wochitola. Akachipeza m'chikwama cha mnzakoyu adzamufunsa kumene wachitenga, ndipo mudzakhala awiri m'chipinda chimene chilibe windo. Pamenepo Lindiwe adzawauza chiyani bambo ako?"

"Madala, inu mumangoona zoipa zokhazokha," anatero Kingston.

"Chabwino, tinene kuti chadutsa. Chafika ku Ntcheu, aphunzitsi achigwira. Agwira chiyani? Kachitsulo kadzimbiri ka dziko la eni, kamene sikadziwa Tayamikondo, sikadziwa Bisalani. Bambo ako sankakumba chifukwa chosowa chitsulo. Zitsulo zili mbwee pamsika. Ankafuna kudziwa ngati dzina likunena zoona. Mayi ajanso akufuna chomwecho. Pamene chagona chija, chikulankhula. Chikunena kuti munthu anaima chakuno, analasa kuloza uko, ndipo muvi unagwera apa. Ukangochinyamula watseka pakamwa pake, ndipo palibe amene adzatsegulenso. Anthu amene anagwa m'chigwa muno anali ana a eni ngati iwe. Ena mwina anachokera kutali, kwawo akuwadikira. Palibe amene akudziwa pamene anagwera."

Kenako anapitiriza motsitsa mawu.

"Za kulakalaka kumudzi usaganize kuti sindizidziwa. Mayi anga anaikidwa m'manda ine ndili pashifiti, maliro ndinaonera pafoni nditaima kuseri kwa khoma. Mwana wanga wotsiriza anaphunzira kuyenda, kulankhula, mpaka kulemba mayeso a Sitandade 8, ine ndikumuonera pakagalasi. Ndikudziwa mmene dzanja limayabwira, kufuna kutumiza chinthu, china chilichonse, kuti kwanu akhudze chimene iwe wakhudza. Koma si chilichonse chimene chimayenera kutumizidwa."

"Ndiye nditani, bambo?" anafunsa Chiyamiko.

"Sindikubisira. Ukhoza kungokhala chete. Mvula ina idzachikwirira, ntchito yako idzakhala bwinobwino. Ukakawauza mayi aja, adzalemba mmene chapezekera, ndipo kampani idzafunsa kuti unkatani pamwamba apo nthawi ya ntchito. Supavaiza akandifunsa, ine sindidzanama. Ntchito ikhoza kukuthera. Ndakuuziratu kuti usadzati sunadziwe. Kwatsalaku n'kwako."

Kingston anadikira. Chiyamiko anapukusa mutu.

"Sinditenga, aise. Zikomo, koma sinditenga."

"Khalas, basi yatha," anatero Kingston, akukwera galimoto. "Anthu ena kuti uwathandize mpaka uwakakamize. Ndikukatsitsa madzi kuthanki yakuseri."

Galimoto inazungulira chitunda n'kubisika.

6. Galimoto ya Dokotala

Masana onse Chiyamiko sanasunthe pageti. Chakudya chake chinazirala m'mbale. Kangapo anatulutsa foni n'kuyang'ana chithunzi chija, kenako chithunzi china chakale, cha bambo ake ataima pafupi ndi njinga yawo, choko chili mbuu pamalaya.

Kingston anatuluka dzuwa litapendeka. Sanaime kucheza monga mwa masiku onse. Anangokweza dzanja n'kudutsa.

Patapita nthawi, galimoto ya Dokotala Shamma inatulukira kuchokera kumapeto kwa chigwa. Ophunzira aja anali atatopa, nkhope zili fumbi lokhalokha. Chiyamiko anatsegula geti mbali imodzi. Chimene chinatsala chinali kutsegula mbali inayo, kuchita sawatcha, n'kuwalola kupita.

Anasiya geti lili choncho n'kupita pawindo.

"Dokotala, ndili ndi mawu. M'mawa uja ndinachoka pageti popanda chilolezo. Ndinakwera chitunda icho kukaimba foni kwathu. Bambo anga akudwala."

"Pepa," anatero mayiyo. "Koma zimenezo ndi za iwe ndi kampani yako."

"Ndikudziwa. Koma ndili komweko ndinaona ichi."

Dokotala anatenga foni, anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, ndipo anasiya kuphethira. Ophunzira aja anasuzumira paphewa pake.

"Wachigwira?"

"Ayi."

"Sunachisunthe ngakhale pang'ono?"

"Ayi, Dokotala. Ndinangosanja miyala pambali."

Mayiyo anatseka maso kwa kanthawi. "Wachita bwino kwambiri. Ukudziwa kuti ndiyenera kulemba amene wachipeza, ndi nthawi yake?"

"Ndikudziwa."

Dokotala anakhoma tenti ya zida, a Potiphar anabwera kudzakhala pageti, ndipo anthu anayi anayamba kukwera. Wophunzira wina ananyamula makina ofufuzira zitsulo, winayo timbendera tofiira ndi kamera. Panjira Dokotala ankalankhula ngati akudziletsa yekha kusangalala.

"Muvi umodzi si nkhondo. Akhoza kukhala mlenje amene anaphonya mbawala. Tiyenera kuona mmene wagonera, kumene nsonga yaloza, kuya kwake, dothi limene laukuta. Kenako tiupime kuti tidziwe zaka zake. Koma kapangidwe kake... kapangidwe kake n'kofanana ndi ka nthawi imene tikufuna."

Anafika pakamtengo kaminga. Miyala ija inali pomwepo, yosanjidwa monga anaisiyira. Chiyamiko analoza m'kangalande.

Panali kadzenje katsopano, dothi lake lachinyezi, m'mbali mwake muli zizindikiro za zala. Chitsulo munalibe.

Chiyamiko anagwada n'kuyamba kufufuza ndi maso uku ndi uko. "Chinali apa. Dokotala, chinali pomwepa."

Mphepo inkaomba m'kamtengo kaja.

"Yatsa makina," Dokotala anauza wophunzira wake.

Mnyamatayo anayamba kuyendetsa makina pamwamba pa nthaka, kumanja, kumanzere. Atangosuntha pang'ono kutsika chitunda, makina analira. Anabaya kambendera. Anapitirira, makina analiranso. Mnzake anagwada pakambendera koyamba n'kuyamba kusesa dothi ndi kaburashi, modekha ngati akupukuta nkhope ya khanda. Pang'onopang'ono panatulukira nsonga ina, yakuda, yoloza kumpata wopapatiza uja.

Ophunzira aja anakumbatirana akufuula m'chilankhulo chawo. Dzuwa lisanafike paphiri, timbendera tofiira tinali titandanda m'mbali mwa chitunda, tonse moyang'anizana ndi mpatawo.

Chiyamiko anaima akuyang'ana. Milomo yake inkayenda yokha, ikukonza mawu a Chichewa osavuta, aafupi, amene munthu wa lilime lolemera angathe kuwamva n'kuwabwereza. Ababa, dzina silinaname. Nthaka yavomera. Anagwira foni m'thumba, koma sanaitulutse.

Dokotala Shamma sanali kumwetulira. Anali atabwerera pakadzenje kaja, atanjuta, akuyerekeza dothi ndi chithunzi cha m'foni.

"Tamvera, Chiyamiko," anatero. "Zimene zapezeka lerozi zikhoza kutibweza kuno chaka chamawa, ndipo ndidzalemba kuti unationetsa ndiwe. Koma muvi uwu unali pamwamba kuposa yonseyi. Muviwo ukanatiuza zambiri za pamene oponya mivi anaima. Tsopano umboni umenewo wapita, ngakhale chitsulocho chitabwerera mawa. Ndipo lamulo limandikakamiza kukanena kuti chinthu chachotsedwa pamalo otetezedwa. Ndikakanena, abwera apolisi. Chithunzi chili m'foni yako, ndipo amene akudziwika kuti anakwera kuno ndiwe."

"Sindinatenge ine, Dokotala."

"Ndikufuna kukukhulupirira. Munthu wakuba sabwera kudzaonetsa chithunzi. Koma iwo sadzafunsa zimene ine ndikufuna." Anaimirira, anasasa fumbi m'mawondo, n'kumuyang'ana m'maso. "Kupatula iwe, ndani wina amene amadziwa malo ano?"

Pamwamba paja msewu wobwerera ku Jebel Ali unkaoneka, wopanda galimoto ngakhale imodzi. Kumapeto kwa msewuwo kunali chipinda chimene Chiyamiko ankagona, ndipo pansi pa bedi loyandikana ndi lake panali sutikesi yomangidwa kale ndi chingwe, yolembedwa ndi choko kuti BALAKA.

"Chiyamiko," anatero Dokotala. "Ndikudikira dzina."